D500 ilibe mlandu, koma lenzi ija yandidyera ndalama

Mtengo wokonzetsera lenzi wangondipeza kuchokera ku Johannesburg, ndipo nditauona ndinati bola ndilembe, mwina wina apulumuke. Chaka chatha ndinagula Nikon D500 ndi lenzi ya 150-600mm, zonse zogwiritsidwapo kale ntchito, kwa mkulu wina wa ku Lilongwe amene amaitanitsa katundu wotere kunja. Chimene ndinkafuna ndi mbalame ili m'malere, mapiko ali tambasu. Yotera pamtengo aliyense akhoza kuijambula.

Kamerayo ndilibe nayo mawu. Inatuluka mu 2016 koma mpaka lero ikugwira ntchito ngati ya dzulodzuloli: zithunzi 10 pa sekondi, madontho a fokasi 153, ndipo poti sensa yake ndi yaing'ono, 600mm imakoka ngati 900mm. Batire imandifikitsa madzulo. Makhadi osungira zithunzi othamanga a mtundu wa XQD ndi osowa kuno, ndiye ndimadalira SD, ndipo ndikapanikiza batani nthawi yaitali kamera imayamba yapuma kaye. Zimenezo ndinazolowera.

Miyezi yoyamba ndinkayenda monyada. Ku Cape Maclear anyamata a maboti amakutengera kufupi ndi chilumba cha Thumbi, n'kuimba likhweru, n'kuponya nsomba pamadzi, nkhwazi n'kutsika. Pamenepo shutter (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala) ndimaika 1/2000 kapena 1/2500 ya sekondi, khomo la kuwala la lenzi pa f/8, ISO (mphamvu ya sensa yogwira kuwala) idzisankhire yokha, fokasi pa AF-C (yotsatira chinthu chikuyenda) ndi group-area (madontho angapo ogwira pamodzi). Kuwala ndimachepetsako pang'ono chifukwa mutu ndi chifuwa cha nkhwazi ndi zoyera, ukalekerera nthenga zimapsa, pamangokhala mbee popanda mzere uliwonse. Woyendetsa boti ndimamupempha kuti dzuwa likhale kumsana kwathu, ndipo nsomba aiponye moti nkhwazi ibwere molimbana ndi mphepo, chifukwa imafika modekha, zikhadabo zili kutsogolo. Zithunzi za nthawi imeneyo diso la mbalame limaoneka ngwee, madontho a madzi akugwa kuchokera pa nsomba. Namzeze yekha ndiye ndinamugonjera, ameneyo satheka.

Zinthu zinatembenuka mvula itafika pakati. Ndili pa boti mu Shire ku Liwonde, akakowa akudutsa m'mphepete mwa bango, lenzi inayamba kusakasaka: fokasi ipite kutsogolo, ibwerere, ipitenso, mbalame n'kutha. Zimene zinagwidwa zinali zachimbuuzi, makamaka ndikaloza kumene kuli dzuwa. Ndinaganiza kuti ndi chifungafunga cha masana, poti mpweya wotentha ukamanyamuka pamadzi ngakhale lenzi yodula bwanji singakupatse chithunzi chabwino cha patali. Koma m'mamawa kukuzizira zinali zomwezo. Ndinakweza shutter, ndinayesa dontho limodzi la fokasi, ndinapukuta galasi lakutsogolo mpaka kutopa, osasintha.

Usiku wina ndinachotsa lenziyo pa kamera n'kuunika ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo. M'katimo, pagalasi lina losafikirika ndi chala, munali timizere toyera tofalikira kuchokera m'mbali ngati ukonde wa kangaude. Chuku. Chimenechi chimakonda malo amdima ndi achinyontho, ndipo lenzi yotalika ndi kufupika ngati iyi imakoka mpweya wakunja nthawi iliyonse ukaizunguza. Choipa chake n'chakuti chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala wa pagalasi, moti ngakhale atsuke zipsera zimatsala. Kuwala kukagunda pamenepo kumabalalika, chithunzi chimafuwa, ndipo kamera imasowa pogwira fokasi.

Wokonza wa ku Johannesburg uja nditamutumizira zithunzi za m'katimo ndi za kumbuyo kwa lenzi, anati timasikuluwu tikuoneka kuti tinamasulidwapo kale, ndipo chuku chofika pamenepo sichimera miyezi yochepa. Kutanthauza kuti wina anapukuta pofikirika n'kugulitsa.

Apa ndiye pali nkhani yanga ndi wogulitsa. Pondigulitsa anali wokoma pakamwa, “bwana, iyi ndi yatsopano, chilichonse mundiimbire.” Nditamuimbira, mawu anasintha: “Achimwene, inu mumakhala kunyanja, chinyontho ndi chanu chimenecho.” Ine lenziyo imagona m'bokosi lotseka bwino muli timapaketi ta silica gel toyamwa chinyontho, ndipo ndimatiumitsa kawirikawiri. Kenaka anati ndimubwezere, andipatse ina, koma ndiwonjezere ndalama. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, anthu a katundu wakunja amawerengera chilichonse pa dola, ndiye zowonjezerazo zinatsala pang'ono kufanana ndi mtengo umene ndinagulira poyamba. Ndinakana.

Kukonzetsa kukudya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa lenziyo, osawerengera ulendo wake wopita ndi kubwera, ndipo wokonzayo wanena poyera kuti zipsera zina zikhoza kutsala. Tsiku lina ndimafuna kugulitsa zonse ndipume. Tsiku lina ndimatsegula zithunzi za nkhwazi zija pa kompyuta, mtima n'kukhala pansi, n'kumati lenzi yolemera makilogalamu pafupifupi awiri ija, imene imandipweteka phewa tsiku lonse, inagwiradi ntchito.

Kamera yomweyi ndikhoza kugulanso mawa ndalama italola. Lenzi yakale ayi, pokhapokha nditaiunika ndi tochi mbali zonse ziwiri, itatalikitsidwa ndi itafupikitsidwa, ndi kuijambulitsa moloza dzuwa wogulitsa ali pomwepo, ndipo malonjezo ake alembe pa pepala, osati pakamwa. Yangayi ikunyamuka ndi alamu anga amene akubwerera ku Joni sabata yamawa. Wogulitsa ndamulembera pa WhatsApp kuti alipireko theka la mtengo wokonzetsera. Uthengawo wauwerenga, koma mpaka pano ali zii.