Dell yanga yakale tsopano ikutha magemu: ndemanga patatha miyezi isanu

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu kwa mmisiri amene anandisinthira zipangizo za m'kompyuta yanga kuti izitha magemu. Imodziyo ndaichotsa chifukwa cha kuchedwa ndi nkhani ya risiti, zomwe ndifotokoze kumunsiku.

Kompyuta yanga ndi Dell OptiPlex 7010, ija ya bokosi lalitali, yomwe ndinagula pamene ofesi ina inkagulitsa katundu wake wakale. Inabwera ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Core i3-3220, RAM ya 4GB, ndi hard drive ya 500GB yomwe poyaka inkalira ngati chigayo cha dizilo. Polembera makalata ndi kuwerengetsera ndalama za kashopu kathu ku Area 25 inalibe vuto. Zinthu zinasintha atabwera kudzakhala nafe mwana wa achemwali anga, mnyamata wa Fomu 3. Iye ndi mpira wa pa kompyuta ndi chala ndi mkanda. Tsiku lililonse nyimbo inali imodzi: "Ankolo, kompyuta yanuyi ingathe FIFA mutangoisintha purosesa." Ndisamunamizire mwana yekha, nanenso ndinkalakalaka GTA V kuyambira kale.

Ndinainyamula pa minibasi mpaka ku Area 2, kwa mmisiri wina amene ali ndi kachipinda kakang'ono chakufupi ndi msewu wa Malangalanga. Anandilozera ndi mnzanga wa kutchalitchi. M'mutu mwanga ndinali nditamaliza kale: ndikufuna purosesa ya i7 yatsopano, basi. Mkuluyo anatsegula bokosilo, n'kuyang'ana motherboard, kenako n'kuseka pang'ono.

"Bwana, i7 si dzina la chinthu chimodzi. Pano pamalowa ya soketi ya LGA1155 yokha. Ya chaka chino ngakhale mutabwera nayo, siikhala."

Anatenga purosesa ina yakufa pa tebulo n'kundionetsa kunsi kwake, mmene timadontho tagolide timayenera kugwirizana ndi timapini ta pa bolodi. Anati yamphamvu yomwe ndingayembekezere pa makina angawa ndi i7-3770, ya m'chaka cha 2012, yokhala ndi ma core (timagawo togwira ntchito m'kati mwa purosesa) anayi ndi ma thread asanu ndi atatu, pamene i3 yanga inali ndi ma core awiri okha. Koma anawonjezera mawu omwe sindinawakonde tsiku limenelo: "Mukanandimvera, mukanatenga i5-3470. Nayo ili ndi ma core anayi, ndipo ndi yotchipa. Ndalama yotsalayo muiike pa graphics card, chifukwa gemu imakhala pamenepo." Ine ndinakakamira i7. Dzina lokhalo linkandikoma m'kamwa.

Pa nkhani ya graphics card, khadi loyendetsa zithunzi za gemu, ndi pomwe mkuluyu anandipulumutsa, ndipo nyenyezi zambiri zachokera apa. Ndisanapite kwa iye ndinali nditagwirizana kale ndi munthu wina wa pa Facebook amene ankagulitsa khadi la GTX 1050 Ti pa mtengo wotsika modabwitsa. Mwamwayi ndinali ndisanatumize ndalama. Ndinamuonetsa mmisiriyo chithunzi pa foni, monyadira kuti ndapeza zotchipa. Sanatenge ndi mphindi yomwe. Anakulitsa chithunzicho n'kuloza doko labuluu kumbuyo kwa khadilo.

"Mwaliona ili? Ili ndi doko la VGA. GTX 1050 Ti yeniyeni siikhala nalo. Ili ndi khadi lakalekale, aliveka chikuto chatsopano n'kulisintha dzina m'kati. Pa Windows lizilemba 1050 Ti bwinobwino, koma mukangotsegula gemu yolemera lizizima."

Mtima unangoti myu. Akanandiponda masana dzuwa likuswa mtengo. Iye anali ndi lake logwiritsidwapo kale ntchito, la 4GB, ndipo analiika pa kompyuta yake ine ndikuona, n'kutsegula pulogalamu ya GPU-Z kuti ndiwerenge ndekha zomwe zili m'kati. Kenako analisiya likuthamanga gemu kwa theka la ola tikucheza. Linali lodula kuposa la pa Facebook lija, ndipo linadya pafupifupi theka la ndalama zonse zomwe ndinawononga. Zipangizo zimenezi zimachokera kunja, ndiye chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe chomwe mungachitchule kuti n'chotchipa.

Anandifotokozeranso chifukwa chake anasankha khadi limeneli osati lalikulu. Power supply ya bokosi langa ndi ya mawati 275. Purosesa ya i7-3770 imafuna mawati 77, khadilo 75, ndipo limatenga magetsi ake pa bolodi pomwepo popanda waya wina wapadera. Zonse pamodzi zimakwana, malo n'kutsalako. Khadi lalikulu likanafuna power supply ina, komanso mwina silikanalowa n'komwe m'bokosimo. Anati amene ali ndi OptiPlex yopyapyala ija asagule khadi asanayeze, chifukwa mmenemo mumalowa lalifupi lokha, lotchedwa low profile.

Zina zomwe anaika ndi RAM ya DDR3, timitengo tiwiri tofanana ta 8GB kuti ikhale 16GB, ndi SSD ya 480GB, yomwe ndi chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard drive. Hard drive yakale anaisiya momwemo kuti tizisungiramo zithunzi ndi mafayilo a kushopu.

Nanga zikuyenda bwanji? Chomwe chinandidabwitsa kwambiri si purosesa ayi, koma SSD. Kale ndinkayatsa kompyuta n'kupita kukatereka tiyi. Pano ndisanakhale bwino pa mpando imakhala itayaka. Mayi a kunyumba, omwe magemu alibe nawo ntchito, ndi amene anayamba kuyamikira, chifukwa Excel imangotseguka nthawi yomweyo. Mukakhala ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha, yambani ndi chimenechi.

GTA V ikuyenda mosalala pa 1080p, zinthu zambiri zili pa high, ndipo nambala ya FPS (zithunzi zooneka pa sekondi imodzi) imasewera cha m'ma 60, kutsikako pang'ono mukamathamangitsa galimoto pakati pa tauni. PES 2021 siivutika ngakhale pang'ono. FIFA 23 ndiye ina nkhani. Pa mndandanda wa zofunika, eni ake analemba kuti khadi lochepetsetsa ndi 1050 Ti yomweyi, koma purosesa ikhale i5-6600K, yomwe ndi yatsopano kuposa yanga ndi zaka zitatu. Gemuyo imatseguka ndipo mpira umaseweredwa tikatsitsa zonse pa low, koma ikamaonetsa chigoli kachiwiri kapena osewera akamalowa m'bwalo imadukizadukiza. Mnyamata wathu akuti bola akumwetsa zigoli. Ine zimandinyansa.

Tsono za i7 ija. Mnzanga amene anandilozera mmisiriyu ali ndi makina ofanana ndi anga, khadi lomwelo, koma anamvera malangizo n'kuika i5-3470. Loweruka lina tinaziika pamodzi pa tebulo n'kuyesa GTA V. Ndi maso anga sindinaone kusiyana. Pomwe i7 imaonetsa mphamvu ndi pamene mwatsegula zinthu zambiri nthawi imodzi kapena mukukonza vidiyo, zomwe ine sindichita. Ndalama yomwe ndinawonjezera ikanandigulira gamepad yabwino. Mlandu umenewu ndi wanga, mkulu uja anandiuza poyera.

Pali kena komwe tonse awiri tinaiwala. Khadi lenileni lilibe doko la VGA monga ananenera, koma monita yanga yakale ili ndi VGA yokha. Ndinazindikira nditafika kale kunyumba, waya uli m'manja, pobaya palibe. Kwa sabata yathunthu kompyuta inakhala pa balaza italumikizidwa ku TV ndi waya wa HDMI, ndipo nthawi ya nkhani za madzulo m'nyumba munkakhala mlandu. Kenako ndinagula kachipangizo kosinthira HDMI kupita ku VGA, mtendere n'kubwerera. Iye monga katswiri anayenera kundifunsa za monita, ngakhale kuti nanenso sindinaitchule.

Ntchitoyi inachitika mu Juni, kukuzizira. Mayeso enieni anabwera mu Okutobala. Amene amakhala ku Area 25 akudziwa fumbi la miyezi imeneyi, limalowa ngakhale mawindo ali otseka. Fani inayamba kulira kwambiri, gemu n'kumachedwa ikatha mphindi makumi awiri. Ndinabwerera nayo ndili wokonzeka kukangana. Anaitsegula ine ndili pomwepo: pa heatsink, chitsulo choziziritsa purosesa, panali fumbi loti mungadzalepo mpiru. Analipemerera ndi blower, anapukuta thermal paste yakale (phala lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa) n'kupaka ina, ndipo sanandilipiritse kanthu. Anangoti, "Madala, muichotse pansi, muiike pa tebulo. Pansi imapuma fumbi lonse la m'nyumba." Chichitireni zimenezo sinavutenso.

Zodandaula zanga ndi ziwiri. Choyamba, anandilonjeza kuti ndikatenge Lachitatu. Lachitatu linakhala Lachisanu, Lachisanu n'kukhala Lachiwiri la sabata inayo, ati purosesa inali isanafike kuchokera kwa amene amamutumizira. Kuchedwako ndikanakumvetsa, koma sankandiimbira. Kawiri konse ndinakwera minibasi kupita ku tauni n'kubwerako chimanjamanja, ndipo nthawi yonseyo ntchito za kushopu tinkalemba m'kope. Chachiwiri ndi risiti. Ndinalipira pa foni, iye n'kungonena pakamwa kuti chikavuta chilichonse mwezi usanathe ndibwere. Ndinachita kumukakamiza kuti alembe pa pepala zipangizo zonse ndi manambala ake. Analemba, koma nkhope inaonetsa kuti akuona ngati ndikumukayikira. Munthu waluso chonchi ayenera kukhala ndi kabuku ka marisiti. Purosesa ndi RAM zanga zakale anandibwezera m'kapulasitiki osachita kupempha, zimenezo ndiyamikire.

Musaiwale za magetsi powerengetsera ndalama. Kuzima kwadzidzidzi kunationongerapo gemu yomwe mnyamata anaisewera kwa milungu itatu, ndipo tsiku lina Windows inakana kuyaka mpaka inadzikonza yokha. Ndinagula ka UPS kakang'ono. Sikoti muzipitiriza kusewera magetsi akazima ayi, kamangokupatsani mphindi zochepa zoti musunge ndi kuzimitsa bwino. Mabandulo nawonso amapweteka: magemu amasiku ano ndi aakulu ma GB ambirimbiri, ndiye timadikira bandulo ya usiku.

Chomaliza chomwe anandiuza ndisanatuluke tsiku loyamba lija n'chakuti makinawa afika pamapeto pake, palibenso pokwerera. Purosesa za m'badwo wachitatu sizili pa mndandanda wa zovomerezeka pa Windows 11, womwe kwa Intel umayambira cha pa m'badwo wachisanu ndi chitatu, ndipo Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Komanso i7-3770 ilibe malangizo otchedwa AVX2, omwe anayamba ndi m'badwo wotsatira, ndiye magemu ena atsopano amakaniratu kutseguka ngakhale khadi likhale labwino. Ngati mulibe kompyuta n'komwe ndipo mukufuna kugula yakale kuti muikonze, yang'anani ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Koma ngati OptiPlex ili kale m'nyumba ngati yanga, ndipo magemu anu ndi a zaka zapitazo, ntchitoyi ndi yoyenera ndalama yake. SSD ndi khadilo ndidzazisamutsira pa makina ena tsiku lomwe ndidzagule.

Kwa mkuluyu ndidzapitanso, ndipo ndatumizako kale anthu awiri. Onse ndinawauza kuti anyamule chithunzi cha kumbuyo kwa monita yawo, amuimbire foni asanakwere minibasi, ndipo akanena kuti i5 ikukwana, amumvere.