Maapozi a m'sitolo ina m'tauni: ofiira andigwiritsa mwala

Loweruka lina mu Novembala ndinagula matumba awiri a maapozi m'sitolo ina yaikulu m'tauni muno mu Mzuzu, ofiira ndi obiriwira aja a Granny Smith. Ofiirawo ankanyezimira bwino, koma nditaluma limodzi m'minibasi yopita ku Luwinga, mkati munali ngati ufa, madzi mulibe, pafupi ndi njere pataderako. Ndalama zanga!

Alamu anga, amene anagwirako ntchito m'minda ya maapozi ya ku Ceres ku South Africa, anangoseka. Akuti kumeneko ambiri amathyoledwa pakati pa Febuluwale ndi Epulo, n'kusungidwa m'zipinda zozizira zochepetsedwa mpweya wa okosijeni, ndiye apozi wa mu Novembala wagona kale miyezi yambiri. Akangotuluka m'chipindamo n'kukhala pa shelefu yotentha, amafewa msanga.

Obiriwirawo ndiye ndawayamikira. Ndinawaika m'thumba lapulasitiki lobowola, pansi penipeni mu firiji, ndipo atha masabata atatu adakali khutchukhutchu, ngakhale magetsi ankazimazima. Awiri amene ndinawasiya m'dengu limodzi ndi nthochi za ku Nkhata Bay anapsetsa nthochizo mofulumira, mpaka ana anazikana.