Penshoni ya mwamuna wakale kuno ku America: si onse amene amapindula podikira kufika zaka 70

Abale kumudzi mumadabwa kumva kuti mayi amene banja lake linatha kalekale akulandira ndalama m'dzina la mwamuna wakale. Zimachitikadi, kudzera ku Social Security, ndondomeko ya penshoni ya boma la America, ndipo bambo nawonso atha kulandira m'dzina la mkazi wakale. Chofunika n'chakuti banjalo linakhala zaka 10, wopemphayo wafika zaka 62 ndipo sali pabanja lina. Ngati mnzakeyo wafika zaka 62 koma sanayambe kulandira, papite zaka ziwiri chisudzulirane. Ndalama za mnzakeyo sizichepa ngakhale pang'ono.

Pamene ambiri amasokonezeka ndi pa kudikira. Kwa obadwa 1960 kupita m'tsogolo, msinkhu wokwanira kulandira penshoni yonse ndi zaka 67. Penshoni yanuyanu imakwera ndi 8 peresenti chaka chilichonse chimene mwadikira kuchokera pa 67 kufika zaka 70. Ya kusudzulana sikwera: imathera pa theka la ndalama za mnzanuyo, ndipo mukayamba pa 62 imatsika kufika 32.5 peresenti.

Kale anthu ankatenga ya kusudzulana kaye, yawo n'kuisiya ikule. Lamulo la 2015 linatseka njira imeneyi kwa onse obadwa kuyambira pa 2 Januwale 1954. Mukapempha imodzi, mwapempha zonse, ndipo amakupatsani yaikulu, osati zonse ziwiri.

Tiyerekeze kuti yanu pa 67 ndi $900, ya bamboyo $2,400. Theka ndi $1,200. Mukadikira kufika 70, yanu ikhala $1,116, yochepabe, choncho mulandira $1,200 yomwe ija, zaka zitatu mutazitaya pachabe. Yanu pa 67 ikakhala $1,100, pa 70 ifika $1,364. Phindu ndi $164 pamwezi, koma mwasiya $43,200 ya zaka zitatu zija, ndipo kuti zibwerere mudzafika zaka pafupifupi 92. Kunena zoona, kudikira kumathandiza amene yawo yaposa kale theka lija.

Mnzanuyo akamwalira nkhani imasintha. Ya umasiye mutha kuiyamba pa zaka 60, yanu n'kumakula kufika 70.

Sungani satifiketi ya ukwati ndi chikalata cha khoti chothetsa banja, chifukwa mawu a ankhoswe okha ndi ovuta kuikira umboni. Ndipo amene si nzika, akufuna kubwerera ku Malawi, afunse asananyamuke: akakhala kunja kupitirira miyezi 6 ndalama zitha kuima, makamaka ngati sanakhale ku America zaka 5 ali m'banjalo.