Ikangofunsa khadi ya ku banki, ine ndimatseka

Anzanga mwanditopetsa ndi funso lomwelomwelo loti ndimawerengera pati zaulere, ndiye ndiyankhe kamodzi basi, koma muyambe mwamva zomwe zinandionekera. Pali webusaiti ina ya makosi, dzina sinditchula, inati sabata yoyamba ndi yaulere bola uike nambala ya khadi. Ine kuika, kuonera mavidiyo atatu, kenako kuiwaliratu. Mwezi usanathe meseji ya ku banki ija yalowa, ndalama adula kale, ndipo batani losiyira analibisa mkatikati mwa ma setting moti ndinalisaka usiku onse mutu ukuwawa, nditalipeza akundifunsanso katatu kuti mwatsimikiza? Satifiketi nayo inali ndi mtengo wakewake. Mpaka lero zimandinyansa.

Tsopano komwe ndimawerengera zaulere: Khan Academy, webusaiti ya maphunziro, sinandifunsepo khadi olo tsiku limodzi. Masamu alipo kuyambira kuwonkhetsa mpaka calculus, ndipo Sal Khan, yemwe anaiyambitsa, anayamba mu 2004 pongothandiza msuweni wake, mwina nchifukwa chake amafotokoza modekha ngati munthu wakwanu. Vuto ndi mavidiyo, amamaliza data usanazindikire.

Wikipedia ndiye yopepuka, ilipo kuyambira 2001, ya Chichewa iliponso ngakhale nkhani zake nzochepa zedi. Ine ndimangoyambira pamenepo kenako nkutsikira m'munsi kukaona komwe atenga mfundozo. Ukaika pulogalamu yotchedwa Kiwix umatha kutsitsa Wikipedia nkumawerenga opanda intaneti. Google Arts & Culture, yoonetsa zojambula za m'mamyuziyamu, ndi yokongola, chithunzi cha ku myuziyamu ya Rijksmuseum ku Amsterdam umachikulitsa mpaka kuona timizere ta burashi, koma ndimapitako mwa apo ndi apo.

Pa mabuku ndiye ndimakondera, sindibisa. Internet Archive, laibulale ya pa intaneti, ili ndi zambiri kuposa onsewa, ndipo Wayback Machine yake imakuonetsa tsamba lomwe eni ake anafufuta kalekale, koma mabuku ena umachita kubwereka kwa ola limodzi komanso pamafunika akaunti. Project Gutenberg, yomwe Michael Hart anaiyambitsa mu 1971, ili ndi mabuku opitirira 70,000 ndipo sifuna imelo kapena dzina lako, umangodina, buku lija lalowa mu foni ndipo ndi lako mpaka kalekale. Ambiri ndi akale omwe copyright inatha, ndiye musakayembekeze kupezako buku lotuluka chaka chatha. Tsamba lake ndi losakongola, limaoneka lachikale, koma ndi lomwe ndimatsegula kawirikawiri kuposa onse.