Colonialism, imperialism, superpower, hegemony: kodi onsewa ndi utsamunda?

Mphwanga amene amaphunzira pa Mzuni anabwera kwathu ku Chibavi ndi pepala la mawu anayiwa, ndipo pambali pa liwu lililonse anali atalemba kuti "utsamunda". Ndinamuuza kuti afufute atatu.

Colonialism ndiye utsamunda weniweni: mlendo abwera, atenga malo, aika bwanamkubwa wake, akhometsa msonkho. Ife tinaulawa kuyambira 1891 mpaka pa 6 July 1964. Mzuzu yemweyu anakula kuchokera ku minda ya tung, mitengo yopangira mafuta, ya nthawi imeneyo. Imperialism ndi yotakata kuposa apo. Ndi khumbo ndi ndondomeko ya dziko yofutukula ulamuliro wake, kaya ndi mfuti, ngongole kapena malonda. Utsamunda ndi njira imodzi chabe yochitira zimenezo.

Superpower sililoza nkhanza, limangoyeza msinkhu: dziko loti asilikali ake ndi chuma chake zimafika paliponse. William Fox, katswiri wa za ndale wa ku America, analitchukitsa liwuli mu 1944 ponena za America, Britain ndi Soviet Union. Britain inatsika msanga, Soviet Union inagwa mu 1991.

Koma liwu limene ndikufuna mulisamale ndi hegemony. Linachokera kwa Agiriki, kumene hegemon anali wotsogolera mgwirizano wa mizinda, monga unalili mzinda wa Athens. Antonio Gramsci, mlembi wa za ndale, ali m'ndende kwawo ku Italy, analikuza tanthauzo: wamphamvu amalamulira bwino pamene olamulidwawo avomereza okha, n'kumaona zofuna zake ngati zachibadwa. Msilikali safunikanso pakhomo.

Pitani mumsika wa Taifa ku Mzuzu kuno mufunse mtengo wa chitenje. Wogulitsa akuuzani kuti "dola yakwera, amayi," pomwe katunduyo wachokera ku Tanzania ndipo palibe Mmereka amene analipo. Tonse timangogwedeza mutu. Imeneyo ndiye hegemony.

Ndipo si ya azungu okha, izi ndikunena ndili Mchewa wokhala pakati pa Atumbuka. Mu 1968 boma linakweza Chichewa n'kuchotsa Chitumbuka pa wailesi, mpaka chinabwerera mu 1994. Limenelo linali lamulo, mphamvu yoonekera. Koma lero aneba anga, Atumbuka onse awiri, amalankhula ndi mwana wawo Chichewa ndi Chingerezi basi, popanda wowakakamiza, poti akuti ndi mmene angapitire patsogolo.

Mphwanga anafunsa kuti nanga Pachichewa alembe chiyani. Ndinamuuza alembe "ulamuliro wovomerezedwa ndi olamulidwa", ngakhale ndi wautali.