Deutschlandticket ndi mpira wa Bundesliga: zomwe zimaoneka ligi ikatha

Mukaigwiritsa ntchito kuyambira Ogasiti mpaka Meyi potsatira masewero a Loweruka, Deutschlandticket, tikiti ya pamwezi yoyendera sitima ndi mabasi ku Germany, imaonetsa mbali zake zonse. Tikitiyi idayamba pa 1 Meyi 2023 pa mtengo wa mayuro 49 pamwezi, idakwera kufika pa 58 mu Januwale 2025, kenaka 63 mu Januwale 2026. Imagwira pa sitima za m'zigawo (RE ndi RB), sitima za m'mizinda (S-Bahn ndi U-Bahn), mabasi ndi matramu dziko lonse. Siigwira pa sitima za maulendo ataliatali za ICE, IC kapena EC, ndipo ambiri amaiwala zimenezi akachedwa n'kulumphira sitima yomwe yaima pafupi. Woyendera matikiti salandira pepani.

Kwa amene amakhala m'chigawo cha Rhine ndi Ruhr, ndalamayi siipita pachabe. Njanji imodzi ya RE1 imadutsa Köln, Düsseldorf, Duisburg, Essen, Bochum ndi Dortmund, ndiye mabwalo angapo ali pa njanji imodzi. Koma onani kaye tikiti yanu ya masewero: matimu ambiri, kuphatikizapo Borussia Dortmund, amaphatikizamo kale mayendedwe a m'deralo patsikulo. Ngati mumangopita ku bwalo la kwanu, Deutschlandticket sikukupindulitsani pa mpira. Phindu lake lili pa masewero akoyenda.

Vuto limabwera posintha sitima. Masewero ambiri amayamba 15:30, ndipo ulendo wautali pa sitima za m'zigawo umafuna kusintha kawiri kapena katatu. Yoyamba ikachedwa mphindi khumi, yachiwiri siidikira, yotsatira imabwera patapita ola. Konzani ulendo wofika maola awiri masewero asanayambe, ndipo pewani kusintha komwe akupatsani mphindi zosakwana 15. Chipepeso chake n'chochititsa manyazi: yuro 1.50 mukachedwa ola lathunthu, ndipo amalipira pokhapokha zikaunjikana kufika pa mayuro anayi.

Nthabwala za Ajeremani zimamveka bwino pa pulatifomu pamenepo. Amazinena nkhope ili gwa, moti mlendo amayesa munthu wakwiya. Chilengezo chakuchedwa chikamveka, wina amayamikira sitimayo chifukwa chosasintha khalidwe. Masapota a St. Pauli ndi akatswiri pa zimenezi: timu yawo itagonjetsa Bayern 2-1 mu Febuluwale 2002, Bayern ili akatswiri a dziko lonse lapansi, adasindikiza malaya odzitcha ogonjetsa akatswiri a dziko lapansi. Chaka chomwecho St. Pauli idatuluka mu ligi, koma malayawo akuvalidwabe.

Kulandira alendo kwawo sikwa mawu ambiri. Palibe adzakufunsani za kunyumba, koma mukasochera wina adzakuperekezani mpaka pa chipata choyenera n'kuchoka osatsanzika. M'malo oimirira a m'bwalo la mpira mumakhala ulemu wake: anthu akale ali ndi malo awo omwe salembedwa paliponse, ndipo kujambula vidiyo pakati pa oimba kumakupezetsani mavuto. Musavale mtundu wa timu yobwera m'chigawo cha eni bwalo, alonda adzakubwezani. Kapu ya mowa imakhala ndi ndalama yachikole yomwe mumabwezeredwa mukaibweza. Botolo lopanda kanthu liikeni pambali pa bini, osati mkati, kuti otola apeze masenti 25 pa la pulasitiki kapena 8 pa lagalasi la mowa. Lamlungu masitolo amatseka kupatula a pa siteshoni.

Tsono madandaulo a umwini wa matimu, omwe mudzawamva m'sitima iliyonse yobwerera. Lamulo la 50+1, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1998, limati mamembala a kalabu akhale ndi mavoti ochuluka pa kampani yoyendetsa timu. Ku Bayern mamembala ali ndi magawo 75 pa 100, otsalawo adagawana Adidas, Audi ndi Allianz. Mphamvu imeneyi ndiyo yasunga malo oimirira otchipa monga Südtribüne ya ku Dortmund, momwe mumalowa anthu pafupifupi 25,000, ndipo ndiyo idathandiza kuthetsa masewero a Lolemba usiku mu Bundesliga.

Koma lamuloli lili ndi mipata. Bayer Leverkusen ndi ya kampani ya Bayer, Wolfsburg ndi ya Volkswagen, zonse mwa chilolezo chapadera. Mpondamatiki Dietmar Hopp adali ndi chilolezo chomwecho ku Hoffenheim mpaka adabweza mavoti ake mu 2023. Yomwe imawawa anthu kwambiri ndi RB Leipzig, yomwe idayamba mu 2009 itagula malo a SSV Markranstädt mu ligi yaing'ono. Papepala imatsatira lamulo, koma mamembala ovota ndi ochepa chabe ndipo wamba sangangolowa. Apa masapota akunena zoona: ngati khomo la umembala n'lotseka, 50+1 yatsala dzina.

Mkangano waukulu udabuka mu Disembala 2023, pomwe matimu 24 mwa 36 a DFL, bungwe loyendetsa ligi, adavomereza kugulitsa gawo la ndalama za wailesi yakanema kwa ochita malonda akunja kwa mpira. Mavoti 24 ndiwo ankafunika ndendende, voti idali yachinsinsi, ndipo ambiri adakayikira kuti Martin Kind, mkulu wa kampani yoyendetsa timu ya Hannover 96, adavomera ngakhale kalabu yake idamuuza kuti akane. Masapota adayankha poponya mipira ya tenisi ndi ndalama za chokoleti m'bwalo, ena adalowetsa timagalimoto ta rimoti. Masewero ena adaima nthawi yaitali, ndipo apaulendo ambiri adaphonya sitima zomaliza. Pa 21 Febuluwale 2024 DFL idasiya mgwirizanowo.

Umembala wa kalabu ndi wofunika kuulipira ngakhale simukonda misonkhano, chifukwa matimu akuluakulu amagulitsa matikiti kwa mamembala poyamba, ndipo a masewero otentha satsala. Mumapezanso voti pa msonkhano wapachaka, womwe umatha kutenga tsiku lonse anthu akukangana za mitengo ndi atsogoleri.

Deutschlandticket ndi ya mwezi ndi mwezi ndipo imadzilipira yokha ku akaunti yanu. Kuti musalipire mwezi wotsatira, muyenera kuithetsa pofika pa 10. Ligi imatha pakati pa Meyi, choncho amene safuna kulipirira Juni wopanda mpira aithetse pofika pa 10 Meyi, masewero omaliza asanaseweredwe.