Kugaya mapuloteni musanawalowetse mu mass spectrometer: gel, urea, FASP, S-Trap kapena SP3?

Anthu amene angoyamba kumene ntchito ya proteomics (kufufuza mapuloteni onse a mu sampulo) amakonda kufunsa za makina a mass spectrometer, oyezera kulemera kwa mamolekyu, kuti abwino ndi ati pakati pa Orbitrap ndi timsTOF. Koma ma peptide (tizidutswa ta puloteni timene makinawo amayeza) ambiri amatayikira pa benchi, makinawo asanayatsidwe n'komwe. Gwero la vutoli ndi SDS, mankhwala onga sopo. Timaifuna chifukwa imasungunula ngakhale mapuloteni a mu membrane, koma ikapitirira 0.1% trypsin, enzyme yodula puloteni kukhala ma peptide, sagwiranso bwino ntchito, ndipo electrospray, imene imapopera ma peptide m'makina, imafooka ndi SDS yochepa kwambiri kuposa pamenepo. Choncho mkangano wonse wa njira zisanuzi wagona pa mmene tingaichotsere SDS popanda kutaya puloteni.

Njira ya gel ndiyo yakale. Anthu ambiri amatsatirabe ndondomeko imene Andrej Shevchenko ndi anzake a m'gulu la Matthias Mann anafalitsa koyamba mu 1996 ali ku labotale ya EMBL, Heidelberg, n'kuikonzanso mu 2006. Band, mzere wa puloteni mu gel, mumaidula m'tizidutswa ta 1 mm, n'kuchotsa utoto wa Coomassie ndi ammonium bicarbonate wa 100 mM wosakaniza theka ndi theka ndi acetonitrile. Kenako DTT wa 10 mM pa madigiri 56 kwa mphindi 30 kuti amasule mfundo za puloteni, iodoacetamide wa 55 mM mumdima kwa mphindi 20 kuti zisamangikenso, trypsin usiku wonse. Ngati mukufuna kudziwa puloteni ya mu band imodzi, musavutike kufufuza njira ina. Koma pa lysate (msuzi wa maselo ophwanyidwa) yathunthu ndi ntchito yotopetsa, ma peptide aataliatali amakanirira mu gel, ndipo keratin ya pakhungu ndi tsitsi lanu imadzaza pamwamba pa zotsatira.

Urea wa 8 M ndi wotchipa kuposa zonse, bola mumuchepetse mphamvu afike pansi pa 2 M musanathire trypsin, ndipo musamutenthetse kapena kumusunga masiku, chifukwa amasanduka cyanate amene amamata 43.006 Da pa lysine. Mapuloteni a mu membrane sawasungunula bwino monga mmene SDS imachitira, ndiye vutolo amangolilambalala.

Tsopano FASP, njira yogayira pa sefa, imene ndili nayo chifukwa. Jacek Wiśniewski ndi anzake anaifalitsa mu Nature Methods mu 2009, ndipo papepala ndi yosiririka. Mumasungunula maselo mu SDS ya 4%, kuthira pa sefa ya 30 kDa, kutsuka ndi urea wa 8 M kuti SDS idutse koma puloteni itsale pamwamba, kugayira pa sefa pomwepo, kenako ma peptide n'kugwera m'chubu chatsopano ali oyera. Mtengo wa sefa mumauona pa risiti. Umene simuuona ndi wa nthawi. Kuzunguliza kulikonse mu centrifuge pa 14,000 g kumadya mphindi 15 mpaka 20, ndipo mukawerenga kutsuka ndi urea, iodoacetamide, urea kachiwiri ndi ammonium bicarbonate, mupeza kuti mwazunguliza kasanu ndi katatu kapena kuposa. Zimenezo ndi pamene sampulo ili yoyera. Lysate ikakhala yonanda ndi DNA, sefa imatsekeka ndipo mphindi 20 zimasanduka 40. Mukaiwala n'kusiya centrifuge pa madigiri 4, SDS ndi urea zimaundana, madzi osadutsa n'komwe. Iyenera kukhala pa madigiri 20.

Nthawi munthu angaipirire. Chopweteka zedi ndi sefa yodontha. Nthawi zina nsalu ya sefayo imakhala ndi kang'alu, kapena sinamatike bwino m'mbali, ndipo ndi maso simungaone kalikonse. Puloteni yonse imapita limodzi ndi urea woyamba uja, inu n'kumutaya ndi manja anu. Mumapitiriza kutsuka sefa yopanda kanthu, kuthirapo trypsin wodula, kudikira usiku wonse, kuyeretsa pa C18 (kochotsera mchere), kulipira maola a makina. Chromatogram, chithunzi cha zotsatira, ikatuluka mumangoona ma peptide a trypsin amene wadzigaya yekha, oonekera pa manambala 842.51 ndi 2211.10, ndi keratin pang'ono. Ngati inali sampulo ya wodwala imene munali nayo imodzi yokha, yapita basi. Chizindikiro chimakhala chimodzi: chubu chimodzi chimauma msanga pamene zinzake zidakali ndi madzi. Amene akakamirabe FASP ayambe azunguliza urea yekha pa sefa iliyonse asanathire sampulo, n'kutaya sefa imene yadutsitsa mofulumira modabwitsa, ndiponso asunge madzi onse odutsa mpaka zotsatira zitabwera.

Ngakhale sefa ikhale yabwinobwino, imamwa puloteni. Pa 100 µg simuzindikira, koma pansi pa 10 µg gawo lalikulu limatsalira pa nsaluyo. Ena amanyika sefa mu Tween-20 (sopo wina wa mu labu) ya 5% usiku wonse kuti puloteni isamatirire. Zimathandiza ndithu, koma mukapanda kutsuka mokwanira, spectrum imadzaza ndi mizere yotalikirana 44.026 Da, ndipo column yanu, kapaipi kolekanitsira ma peptide, idzatulutsa zimenezo kwa masiku, mpaka anzanu amene akudikira makina atayamba kukuyang'anani ndi diso lofiira.

S-Trap inachokera pa njira imene Alexandre Zougman anafalitsa mu 2014, ndipo timachubu take amagulitsa a ProtiFi. Puloteni ili mu SDS ya 5% mumaithira phosphoric acid, kenako methanol wa 90% wokhala ndi buffer ya TEAB ya 100 mM, wochuluka kasanu ndi kamodzi kuposa sampuloyo. Puloteni imaundana tinthu ting'onoting'ono timene timakodwa mu quartz, SDS n'kudutsa. Kuzunguliza kulikonse sikupitirira mphindi imodzi, ndipo tsiku lomwelo ma peptide mwawapeza. Ndi njira yodalirika, sindiinyoza. Ndalama yobisika ili pa trypsin. Kuti mugaye pa madigiri 47 kwa ola limodzi kapena awiri, mufunika 1 µg ya trypsin pa 10 µg iliyonse ya puloteni, pamene kugaya usiku wonse m'madzi kumangofuna 1 pa 50. Kabotolo ka 20 µg kamene kakanagaya masampulo khumi a 100 µg kamathera pa awiri. Samalaninso ndi kathovu ka mpweya pothira trypsin: kakakhala pakati pa madzi ndi quartz, trypsin safika pa puloteni. Ndipo buffer yanu isakhale ndi potassium kapena guanidine, chifukwa zimaundanitsa SDS.

Ine ndili kumbali ya SP3, ya Christopher Hughes ndi Jeroen Krijgsveld, imene inatuluka ku EMBL mu 2014. Mumathira timikanda ta maginito ta carboxylate, 10 µg ya timikanda pa 1 µg ya puloteni, kenako ethanol mpaka afike 50%. Mukagwedeza kwa mphindi 5 puloteni imamatirira pa timikandato. Ikani chubu pa maginito, tayani madzi, tsukani katatu ndi ethanol wa 80%, thirani trypsin wa 1 pa 50. Palibe sefa yoti ing'ambike, ndipo timikanda tonyamula puloteni yanu mumationa ndi maso, kachibulumwa kofiirira kali pakhoma la chubu. Imagwira ngakhale pa 1 µg, ndipo masampulo 96 amatheka pa plate imodzi.

Zovuta zake zilipo, koma zimaonekera poyera. DNA imapangitsa timikanda kunanda ngati ulimbo, choncho yambani mwaiphwanya ndi Benzonase kapena sonicator. Timikanda tikakhala mu ethanol musatikoke ndi pipette, timakakamira mkati mwa nsonga yake n'kupita nayo puloteni. Ingogwedezani chubu pang'onopang'ono. Mapuloteni aang'ono okonda madzi nthawi zina sagwira pa 50%, ndiye ngati ndi amene mukuwafuna kwezani ethanol afike 80%. Pomaliza, maginito okha sachotsa timikanda tonse. Zungulizani ma peptide pa 20,000 g kwa mphindi imodzi ndipo mutenge a pamwamba okha, chifukwa timikanda towerengeka chabe n'tokwanira kutseka column ya 75 µm, pressure n'kukwera pakati pa usiku masampulo ena onse ali pamzere.